Kuwedza usiku pa kayak koyamba: malangizo kwa a kumtunda kwa Dedza ndi Ntcheu

Tikamati Dedza anthu amaganiza za mbatatesi, kabichi ndi chisanu cha mu June. Koma boma lomweli limatsika phiri n'kukathera m'madzi. Dera la Inkosi Kachindamoto, cha ku Mtakataka ndi ku Golomoti, lili m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, moti munthu wonyamuka pa Dedza boma kapena pa Ntcheu m'mawa akhoza kudya nkhomaliro ataponda mchenga. Masiku ano achinyamata akuonera pa YouTube ndi pa TikTok anthu akuwedza usiku m'nyanja zamchere atakwera kayak, kabwato kapulasitiki kopalasa ndi nkhafi ya mitu iwiri, ndipo ena mtima wayamba kudyokoka. Malangizowa ndi a munthu woteroyo, wakumtunda, amene mwina anawedzapo matemba kudambo kapena mlamba mu Linthipe koma sanakhalepo pamadzi dzuwa litalowa.

Mutu wa nkhani yonse ndi uwu: chilichonse chimene mudzachite mumdima muyambe mwachichita masana, pamalo omwewo, ndi bwato lomwelo, pali munthu wa padooko pomwepo. Nsomba zibwera pambuyo.

Nyanja ya pa foni si nyanja yathu

Makanema ambiri aja amajambulidwa kunyanja zamchere, ndipo malangizo awo ena kuno alibe ntchito. Kumeneko madzi amadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku chifukwa cha kukoka kwa mwezi. Ku Beira, kwa anansi athu a ku Mozambique, madzi amatha kukwera ndi kutsika mamita oposa 5, choncho msodzi sanyamuka asanadziwe nthawi ya madzi. Nyanja ya Malawi ilibe zimenezo. Imakwera ndi mvula n'kutsika ndi chilimwe, pang'onopang'ono. Koma musati ndiye kuti ndi yofatsa. Madzi amchere amamuyandamitsa munthu kuposa madzi athuwa, ndipo pamene anzathuwo amaopa shaki, ife tili ndi ng'ona, mvuu, maukonde otcheredwa usiku, maboti a injini oyenda opanda nyali, ndipo koposa zonsezi, mphepo. Nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 550 ndipo kumpoto imazama pafupifupi mamita 700. Mbali yathu ino si yozama choncho, koma madzi osazama ndi amene amautsa mafunde aafupi, othithikana, ogubuduza kabwato munthu asanakonzeke.

Choyamba, nyengo

Kuyambira May mpaka August, nthawi zina kulowa mu September, kumaomba mwera. Iwalani zopita. Mukaona ku Dedza kwachita nkhungu ndi kamvula kowaza, anthu akuothera moto masana, dziwani kuti kunyanja ngakhale asodzi enieni akokera mabwato kumtunda. A nthambi yoona za nyengo amachenjeza za mwera pa wailesi ndi pa Facebook, ndipo chenjezo lawo likatuluka ulendo wathera pomwepo. M'dzinja namo muli mphepo ya mpoto ndi mvula ya mabingu imene imadza mwadzidzidzi, ndipo pamadzi inu ndinu chinthu chachitali kuposa zonse, mphenzi siyang'ana kwina. Nthawi yabwino kwa woyamba ndi kumapeto kwa September ndi mu October, kapena mu April mvula itasiya mwera usanalimbe. Kumbukiraninso kuti pa 1 November boma limatseka usodzi wa zida zina kuti chambo chiswane. Ngakhale inu mukupita ndi mbedza yokha, funsani padooko zimene zikuloledwa nthawi imeneyo.

Kenako yang'anani kumwamba. Asodzi a usipa amakonda mdima wa ndiweyani, chifukwa ndi pamene nyali zawo zimakoka nsomba. Inu musawatsanzire. Sankhani masiku amene mwezi wadutsa theka ukupita kokhwima. Mwezi wa theka umakhala uli pamutu dzuwa likamalowa ndipo umakalowa pakati pa usiku. Wathunthu umatuluka dzuwa likungolowa n'kuwala mpaka mbandakucha. Masiku a pakati pa awiriwa mumaona gombe, mumaona funde likubwera, ndipo maboti a chilimira, ukonde waukulu wokokera usipa, amakhala ochepa pamadzi. Ena adzakuuzani kuti pa mwezi nsomba sizidya bwino. Mwina ndi zoona, koma ine ndingasankhe kubwerako ndi nsomba imodzi ndikuona kumene ndikupita.

Tsikani msanga, mukaonekere kwa eni dooko

Kuchokera pa Dedza boma kapena pa Ntcheu tsatani M1 mpaka pa Masasa, mukhote n'kutsika Khwekhwelere kukafika pa Golomoti. Mukuchoka pa mamita pafupifupi 1,600 kutsikira pa mamita pafupifupi 500 mumsewu wokhotakhota, ndiye mabuleki akhale abwino ndipo mutsike kukuwala. A ku Kasinje, Sharpevale ndi Bwanje angotsata M5. Pa Golomoti ndi pa Mtakataka a kabaza amadziwa njira zopita kumadooko. Fikani dzulo lake, kapena m'mamawa wa tsikulo.

Mukafika musathamangire kumadzi. Dooko lili ndi eni ake: amfumu, ndi komiti ya asodzi imene anthu amangoti BVC, yogwira ntchito ndi alangizi a zausodzi potsata lamulo la zausodzi la 1997. Perekani moni, nenani kumene mwachokera ndi chimene mwadzera. "Zikomo bambo, ife ndife alendo, tachokera ku Bembeke. Timafuna tiyeseko kuwedza ndi mbedza madzulo ano, ndiye tati tiyambe taonekera kwa eni ake." Safunsa anadya phula, ndipo pano zofunsa ndi zambiri. Mvuu zimatulukira pati usiku? Ng'ona inaonekako liti komaliza, ndipo cha kuti? Matchera atchera mbali iti? Mphepo masiku ano ikumatembenuka nthawi yanji? Pakufunika chiphaso? Pali miyambo ya padooko imene mlendo ayenera kusunga? Zina mwa miyamboyo mwina simuzikhulupirira, koma mwabwera kwa eni, sungani.

Pemphani kuti akupezereni msodzi wodziwa malowo woti mupite naye, iye m'bwato lake, inu mu kayak, moyandikana. Gwirizanani malipiro musananyamuke. Amene akuganiza zopulumutsa ndalama pa mfundo imeneyi angobwerera kukawedza kudambo.

Kayak yeniyeniyo simuipeza pamadooko a ku Dedza, kumene kuli mabwato osema ndi maboti amatabwa. Ngati mulibe yanu kapena ya mnzanu, malo ogona alendo a ku Cape Maclear ndi ku Senga Bay amabwereketsa, ndipo kuchokera pa Golomoti msewu wa M10 umakutengerani mbali ya Monkey Bay. Auzeni eni ake poyera kuti mukufuna kutuluka nayo madzulo, chifukwa ambiri salola. Ku Cape Maclear kulinso Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo kuwedza mkati mwa mamita 100 kuchokera pagombe la pakiyo ndi pazilumba zake n'koletsedwa.

Masana onse ndi ophunzira bwato

Apa ndi pamene pagona ulendo wonse, ndiye tikhalitsepo.

Funso loyamba ndi lowawa: mumatha kusambira? Ambiri a kumtunda sitimatha, ndipo kuvina m'madzi ofika m'chiuno pa Khirisimasi si kusambira. Ngati simungasambire mamita 50 osaponda pansi, kayak ya usiku si yanu chaka chino. Pemphani malo m'boti lamatabwa la asodzi, muvale laifi jaketi, mukaone usiku wa panyanja muli pakati pa anthu.

Ngati mumatha, sankhani kayak yokhala pamwamba, osati yolowetsa miyendo m'kati. Yokhala pamwamba ndi yotsekeka thupi lonse, ili ndi timabowo totulutsa madzi amene akwera, ndipo ikagubuduzika simira. Onani kuti kachitseko ka pamwamba ndi kotsekera madzi kakumbuyo n'zomanga bwino, ndipo inyamuleni mumve ngati m'mimba mwake mulibe madzi. Bwato losema lija musaliyese n'komwe usiku woyamba. Kukamwa kwake n'kopapatiza, eni ake amakhala pamilomo yake miyendo ili m'kati, ndipo luso limenelo anayamba ali ana.

Valani laifi jaketi, mumange malamba onse, mulowe m'madzi ofika pakhosi n'kukweza miyendo. Ikakwera kukuphimbani makutu ndiye kuti ndi yaikulu kapena simunamange. Chigubu chopanda kanthu chingathandize, koma sichilowa m'malo mwa jaketi, chifukwa chigubu chimafuna kugwiridwa ndipo munthu wodzidzimuka amataya chimene wagwira.

Tsopano kwerani. Khalani pakati, msana wowongoka, mapazi atatsamira poponda pake. Funde likabwera musaumitse thupi. Chitani ngati mayi wosenza ndowa ya madzi, mutu uli phee, chiuno ndicho chikutsata njira. Nkhafi igwireni manja atatalikirana kuposa mapewa pang'ono, muziviika pafupi ndi phazi n'kuitulutsa pa chiuno, mukupotoza thupi lonse m'malo mokoka ndi mikono yokha. Phunzirani kukhota, kubwerera m'mbuyo ndi kuima. Phunzirani kulandira funde ndi mphuno ya bwato, osati ndi nthiti.

Kenako gubuduzani dala. Chitani zimenezi pamalo amene eni dooko anena kuti palibe ng'ona, m'madzi oti simukuponda pansi, msodzi uja ali pambali. Mukagwa, gwirani bwato kaye. Likakhala chadodolido, kwerani pamimba pake, gwirani m'mphepete mwa tsidya linalo n'kudzigwetsa chagada kuti litembenuke. Pokwera musakoke ndi manja miyendo ili lende pansi, mudzaligubuduzanso. Menyani madzi ndi miyendo mpaka thupi ligone pamwamba pa madzi, kenako dzikankhireni pampando chamimba, tembenukani mukhale matako pampando miyendo ili m'madzi, ndiyeno lowetsani mwendo umodziumodzi. Bwerezani mpaka zitasiya kukuchititsani mantha, ndiyeno yesaninso mutatsinzina. Mukalephera masana, usiku simudzatha.

Dzuwa lisanapendeke pitani ndi mnzanuyo pamalo amene mudzawedze. Pasapitirire mamita 200 kapena 300 kuchokera pagombe, kutali ndi bango, kutali ndi pamene mtsinje ukuthira m'nyanja. Tsitsani mwala pachingwe muyese kuzama ndi kumva ngati pansi pali miyala, mchenga kapena matope. Tembenukani muone gombe mmene likuonekera kuchokera pamenepo: mlambe uti, phiri liti kumbuyo kwake, nsanja ya mafoni ili mbali iti. Usiku zimenezi zidzangokhala zithunzi zakuda, koma mudzazizindikira.

Katundu

Tengani zochepa, ndipo chilichonse chikhale chomangirira. Nkhafi imangidwe ku bwato ndi kachingwe. Wenzulo imangidwe pa jaketi, pamodzi ndi kampeni kakang'ono kopinda. Foni ikhale yodzaza moto ndi mayunitsi, m'mapepala apulasitiki awiri omanga bwino, m'thumba la jaketi osati m'bwato, chifukwa bwato mukhoza kusiyana nalo. Onani masana ngati Airtel kapena TNM ikugwira pamalopo, ndipo sungani nambala ya wapampando wa BVC ndi ya munthu wotsala kumtunda.

Nyali zikhale zitatu. Imodzi yoyera yoonekera mbali zonse, yomangidwa pakamtengo kotalika mita imodzi kumbuyo kwanu, kuti ena akuoneni koma isakuthobweni m'maso. Yachiwiri tochi ya pamutu, makamaka yokhala ndi kuwala kofiira. Maso amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima, ndipo kuwala koyera kumafafaniza zonsezo kamodzi n'kamodzi, kuphatikiza apo kumakuitanirani tizilombo kumaso. Yachitatu ndi tochi yapadera m'pepala lapulasitiki.

Zovala: a kwathu amaganiza kuti kunyanja n'kotentha basi. Masana inde, koma munthu wonyowa wokhala pamphepo usiku amanjenjemera ngakhale mu October. Valani zopepuka zouma msanga, za manja aatali chifukwa cha udzudzu, ndi jekete la mvula pansi pa laifi jaketi. Jinzi ndi juzi ya ulusi zikanyowa zimalemera. Majombo a kudimba aja asiyeni, amadzaza madzi. Tengani madzi akumwa, mtedza kapena mbatata yophika. Mowa ayi, ngakhale kabotolo koti n'kotenthetsa thupi.

Zowedzera sizifuna ndalama zambiri. Ndodo yaifupi yokhala ndi chokulungira ndi yabwino ngati muli nayo, koma twaini ya mamilimita 0.40 kapena 0.50 yokulungidwa pakathabwa imagwira ntchito. Mbedza zapakatikati zingapo, zolemetsa za mtovu kapena manati akale, pulayasi yochotsera mbedza, kansalu kogwirira nsomba, kachibonga, ndi ndowa yotsekera kapena thumba lolimba. Mangani mbedza zonse masana. Kumanga mfundo mumdima bwato likugwedezeka ndi kumene kumalowetsa mbedza m'chala. Nyambo gulani padooko pomwepo: usipa wauwisi ndiwo woyamba, kenako utaka wodula timagawo, ndi nyongolotsi.

Nangula ndi mwala wa makilogalamu 3 kapena 4 m'thumba, pachingwe chotalika katatu kuzama kwa malowo kapena kuposerapo.

Kunyamuka

Kuno dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko ndipo mdima suchedwa, theka la ola kwada. Lowani m'madzi cha m'ma 5 koloko kuti mdima ukupezeni mwakhazikika kale.

Musananyamuke siyani munthu pagombe ndi mawu omveka: "Achimwene, tikhala moyang'anana ndi mlambe uwo. Ikakwana 9 koloko tisanafike muimbe foni. Tikapanda kuyankha mudzutse a BVC." Maola atatu akwana usiku woyamba. Muikireninso nyali ziwiri, ina pamchenga, ina kumbuyo kwake pamtengo kapena pamalo okwera, motalikirana mapazi 20 kapena 30. Muli pamadzi, nyali ziwirizo zikakhala ina pamwamba pa inzake, ndiye kuti mwalunjika dooko lanu. Zikatalikirana mwatengedwa, ndipo mudziwa mbali imene mwapita. Imodzi ikhale ya mtundu wina, ngakhale kungoikulunga ndi pepala lofiira, chifukwa usiku nyali za asodzi zimadzaza nyanja mpaka munthu kuziyesa mudzi n'kumapalasa chotalikira gombe akuganiza kuti akubwerera.

Pali chinthu china chimene a ku Dedza ayenera kuchimvetsa kuposa wina aliyense. Chisanu chathu chija usiku chimatsika. Mtunda umazizira msanga kuposa madzi, ndiye mpweya wozizira umatsetsereka m'mapiri n'kuomba kuchokera kumtunda kulowera panyanja. Mphepo yotere ndi yachinyengo: pagombe madzi amakhala bata, kupita kumakhala kosavuta, koma ikukukankhirani kutali, ndipo pobwerera mudzalimbana nayo mutatopa. Mukamva kamphepo kozizira kumsana pamene mwayang'ana kunyanja, musawonjezere mtunda ngakhale pang'ono.

Kuponya nangula ndi kuwedza

Nangula samangidwa m'nthiti mwa kayak. Funde likabwera bwato lomangidwa pambali limagubuduzika nthawi yomweyo. Chingwe chidutse pamphuno kapena kumbuyo, n'kubwera pafupi ndi dzanja lanu ndi mfundo yomasula kamodzi. Kumapeto kwake mangani kachigubu, kuti zikavuta mungomasula n'kuchoka, nangula mudzatenga mawa. Tsitsani mwala pang'onopang'ono, osauponya, ndipo onetsetsani kuti chingwe sichinakulunge phazi.

Nsomba za usiku za mbedza ndi kampango, mlamba ndi bombe pansi, ndi ncheni pakati pa madzi. Chambo musachiyembekezere. Chimadya tizomera ta m'madzi ndipo kawirikawiri chimagwidwa ndi ukonde, komanso chachepa kwambiri moti mu 2018 bungwe loteteza zachilengedwe padziko lonse la IUCN linachiika m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutha.

Kwa kampango ndi mlamba, ikani cholemetsa kumapeto kwa twaini ndi mbedza pamwamba pake pang'ono, kutalika kwa mkono. Koletsani usipa kulowetsa m'maso kapena m'kamwa n'kutulutsira pamsana, nsonga ya mbedza ikuonekera. Tsitsani mpaka mumve cholemetsa chagunda pansi, kwezani pang'ono, gwirani twaini pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Kampango amakonda pamiyala, ndipo masana amabisala, usiku ndi pamene amasaka. Mlamba umakonda pamatope. Mukamva kugogoda pang'ono musakoke, ndi tinsomba tikubudula nyambo kapena yaikulu ikulawa. Dikirani mpaka twaini iyambe kuyenda ndi kulemera, ndiyeno kokani kamodzi mwamphamvu. Twaini isakulungidwe padzanja kapena pachala, ndipo isamangidwe pathupi. Bombe wamkulu akhoza kukudulani chala kapena kukukokerani m'madzi.

Ncheni imatsata usipa, usipa umatsata tizilombo ta m'madzi timene timabwera pakuwala. Ngati mnzanu uja wayatsa nyali yolozetsa m'madzi, dikirani kanthawi mpaka muone usipa ukung'anima pansi panu, ndiyeno tsitsani nyambo ndi cholemetsa chochepa m'mphepete mwa kuwalako, pamene mdima ukuyambira, n'kumaikweza ndi kuitsitsa pang'onopang'ono. Ncheni imamenya mwaukali ndipo ili ndi mano, chala chisalowe m'kamwa.

Wedzani ndi twaini imodzi yokha. Ziwiri mumdima zimakolana.

Nsomba yaikulu ikakodwa musafulumire kuikweza. Ilekeni itope ili m'madzi, mphuno ya bwato ikuloza kumene ikukokera. Musaweramire kunja pokaitenga, mutu wanu ukatuluka m'bwato thupi limatsatira. Ibweretseni pambali pa ntchafu yanu, muimenye pamutu ndi kachibonga isanalowe, ndiyeno muigwire ndi kansalu. Kampango ndi mlamba zili ndi minga yolimba pazipsepse za m'mbali, kampango ali ndi inanso pamsana, ndipo bala lake limatupa ndi kuwawa masiku. Ikakhala yaikulu yokuopsani, itanani mnzanu aikwezere m'bwato lake, kapena dulani twaini. Tiana ta kampango bwezerani m'madzi, nsombayi yachepa. Zimene mwagwira ikani m'ndowa. Musazimangirire pachingwe n'kuzisiya zikulendewera m'madzi monga amachitira ena, ndipo musatsuke magazi kapena kulendeweretsa mapazi m'mbali mwa bwato. Kumeneko n'kuitana ng'ona.

Anzanu a pamadzi

Mukaona kabwato ka nyali zowala kwambiri ndi maboti awiri chapafupi, amenewo ndi a chilimira. Wa nyaliyo, siginala, wakhala maola akusonkhanitsa usipa, ndipo akapereka chizindikiro anzake amazinga ndi ukonde. Musayandikire, musadutse pakati pawo, ndipo nyali yanu isawale mbali yawo, chifukwa mukawabalalitsira nsomba mwawadyera ndalama ya usiku wonse. Mabotolo kapena tizidutswa toyandama mumzere ndi matchera a munthu. Mbedza yanu ikakola pamenepo dulani twaini yanu, osati ukonde, ndipo m'mawa mukanene padooko.

Mukamva injini ikubwera, musaganize kuti akuonani. Kayak ndi yotsika kwambiri. Yatsani tochi yoyera, muunike bwato lanu ndi kuigwedeza, imbani wenzulo.

Mvuu usiku imatuluka kukadya kumtunda ndipo imayenda m'mphepete mwa gombe. Mukamva kufwenthera kapena kulira kwake, musaunike kuti muione bwino. Masulani nangula, palasani mwakachetechete kutalikira, ndipo musakhale pakati pa iyo ndi madzi akuya, chifukwa ikadzidzimuka imathawira kozama ndipo chilichonse chili panjira imachiphwanya. Pa zimenezi mawu a msodzi amene muli naye ndi lamulo. Akati tiyeni, musati dikirani ndikoke kamodzi.

Nthawi yosiya

Bwererani ola limene munalonjeza, ngakhale nsomba zikudya. Bwererani msanga mukaona china mwa izi: mphepo yasintha mbali kapena yayamba kulira m'makutu, mafunde ayamba kuchita thovu pamwamba, nyenyezi zikuzimirira mbali imodzi, kukung'anima ngakhale kutali, nyali yanu yayamba kufooka, mwayamba kunjenjemera kapena kuchita nseru. Nseru ya panyanja imakula usiku chifukwa maso alibe poima. Yang'anani nyali ya pagombe, osati m'bwato.

Musanazule nangula longedzani zonse, mbedza zilowe m'chitini chake. Nangula akakanirira pamiyala musalimbane naye, musiyeni ndi kachigubu kaja. Mafunde akakula musapalase mowapatsa nthiti. Adutseni mopendeketsa, ngakhale zitanthauze kukafikira dooko lina n'kuyenda wapansi.

Mukagubuduzika, chitani zimene munachita masana: bwato kaye, kenako nkhafi, katundu wina amire. Kukwera kukakanika gonani pamwamba pa bwato mmene lililimo, imbani wenzulo katatukatatu, yatsani tochi. Musalisiye n'kuyamba kusambira kulondola nyali. Usiku mtunda umanamiza, ndipo okusakani adzaona bwato msanga kuposa mutu wa munthu.

Pofika pagombe unikani mchenga ndi madzi a m'mphepete musanatsike. Maso a ng'ona amanyezimira mofiira pa tochi. Tsikani mwachangu, kokerani kayak kumtunda, ndipo muuzeni wodikira uja kuti mwafika asanadzutse mudzi.

Zotsala kumtunda

Tumbulani nsomba usiku womwewo, kutali ndi madzi, n'kuthira mchere kapena kuika pa ayezi ngati munabwera naye. Kutentha kwa ku Golomoti sikusunga nsomba mpaka masana. Ngati mukufuna kukafika nazo kumudzi, amayi a padooko amadziwa kuwamba kampango ndi mlamba, gwirizanani nawo m'mawa. Msodzi uja mulipireni zimene munapangana, ndipo pa nsomba zimene mwapha mumpatseko ndiwo, pamodzi ndi a panyumba imene mwagona. Gonani m'neti. Musakwere Khwekhwelere usiku womwewo muli ndi tulo.

Mukabwerera kumtunda dzipenyetsetseni milungu ingapo. Kutentha thupi kukayamba pitani mukayezetse malungo tsiku lomwelo ndipo muwauze achipatala kuti munali kunyanja. Likodzo nalo limachedwa kuonekera. Tizilombo take timachokera ku nkhono za m'madzi osaya, makamaka pabango ndi pamadooko pamene anthu amasamba ndi kuchapa, ndipo timalowa pakhungu popanda kumva kuwawa. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu kayezetseni mkodzo ngakhale musakuona magazi. Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo mlingo wake amaupereka potengera kulemera kwa thupi, choncho akuyezeni pasikelo kuchipatala m'malo mongogula mapiritsi pagolosale.